Kasankhidwe ka pulogalamu yolembera yosadodometsa maganizo

Munthu amene akulemba nkhani yaitali, kaya ndi lipoti la kuntchito, ulaliki kapena mutu wa buku, kawirikawiri amasokonezedwa ndi zinthu zimene zili pasikirini pomwepo, monga mabatani ambirimbiri amene andanda pamwamba, mauthenga amene amangotulukira pakona, ndiponso mtima wofuna kukongoletsa zilembo chiganizo chisanathe n'komwe. N'chifukwa chake anthu anapanga mapulogalamu obisa zonsezi kuti wolemba atsale ndi tsamba ndi mawu ake basi. Imodzi mwa yoyambirira inali WriteRoom ya pa makompyuta a Mac, imene inkaonetsa zilembo zobiriwira pa tsamba lakuda popanda china chilichonse.

Musanaike pulogalamu yatsopano, yambani mwayesa imene muli nayo kale. Microsoft Word yatsopano ili ndi batani la Focus pansi pa View, ndipo mu LibreOffice Writer mukadina Ctrl, Shift ndi J pamodzi, tsamba limadzaza sikirini yonse. Kwa anthu ambiri zimenezi n'zokwanira.

Ngati sizikukwanirani, funso limene ndikuona kuti n'lofunika kuposa onse ndi lakuti, kodi pulogalamuyo imasunga kuti mawu anu, ndipo imagwira ntchito popanda intaneti? Pulogalamu imene imafuna netiweki nthawi zonse imakusiyani pakhomo pomwe pa zinthu zokudodometsani, komanso bandulo ikatha ntchito imaima. Google Docs imatha kugwira ntchito popanda intaneti, koma pamafunika kuti mukhale mutaikonzeratu. Ine ndimalimbikitsa mapulogalamu amene amasunga nkhani ngati fayilo wamba ya .txt kapena .md mukompyuta mwanu momwemo, chifukwa fayilo yotere imatseguka ndi pulogalamu ina iliyonse ngakhale kampani imene inapanga yanuyo itatsekedwa. Mafayilo a .md amatsatira kalembedwe ka Markdown kamene John Gruber anayambitsa mu 2004. M'kalembedweka, mukaika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere ndiye kuti mwalemba mutu, ndipo mukaika tinyenyezi tiwiri (**) uku ndi uku kwa mawu, mawuwo amaoneka akuda kwambiri. Dzanja silichoka pa kiyibodi kupita pa mausi.

Wolemba Chichewa ali ndi chinanso choti ayese. Mapulogalamu ambiri salidziwa Chichewa, choncho amadula mzere wofiira pansi pa pafupifupi liwu lililonse, ndipo tsamba lofiira chonchi limabalalitsa maganizo kuposa mabatani aja. Lembani ndime imodzi yokhala ndi mawu monga ng'ombe, n'chifukwa ndi Malaŵi, kenako fufuzani ngati mungathe kuzimitsa chounikira masipelo ndiponso chija chimene chimasintha mawu chokha. Mukatero sungani fayiloyo, itsekeni, n'kuitsegulanso kuti muone ngati chilembo cha ŵ sichinasanduke tizizindikiro tosamveka. Pulogalamu imene yalephera apa isiyeni, ngakhale ikhale yokongola chotani.

Pa Windows ndi Linux, FocusWriter ndi yaulere ndipo ndi poyambira pabwino. Mabatani ake amabisala mpaka mutasendeza mausi m'mphepete mwa sikirini, ndipo mungadziikire mlingo wa tsiku lililonse, kaya wa mawu kapena wa mphindi. iA Writer, imene inayamba pa iPad mu 2010, ndi yogula, ndipo imadziwika ndi njira yake yozimiriritsa ziganizo zina zonse n'kusiya chokhacho chimene mukulemba chikuoneka bwino. Zimenezi zimathandiza kwambiri munthu amene amangobwerera m'mbuyo kukakonza ndime yoyamba m'malo mopitiriza. Ulysses imapezeka pa zipangizo za Apple zokha, ndipo kuchokera mu 2017 imalipiridwa pamwezi kapena pachaka, choncho ganizirani bwino ngati mungakwanitse kumalipira ndalama zakunja nthawi zonse. Scrivener ndi ya ntchito zikuluzikulu zokhala ndi mitu yambiri ndi zofufuza, ndipo kuiphunzira kumatenga nthawi, moti kwa wolemba nkhani ya masamba asanu ingakhale katundu wosafunika.

Amene amalembera pa foni ya Android angayese Markor, yomwe ndi yaulere ndipo imasunga mafayilo m'foni momwemo. Komabe mapulogalamu olemberawa saletsa okha mauthenga a WhatsApp, choncho zimitsani data kapena tcherani foni pa Do Not Disturb musanayambe.

Onetsetsaninso kuti pulogalamuyo imasunga yokha zimene mwalemba pakapita kanthawi, chifukwa magetsi akathima mwadzidzidzi, kompyuta ya padesiki yopanda batire imataya zonse zimene sizinasungidwe. Mukasankha imodzi, igwiritseni ntchito kwa mlungu wathunthu pa ntchito yeniyeni musanayese ina, ndipo madzulo alionse muzikopera fayilo yanu pa fulashi kapena kudzitumizira nokha pa imelo.