Mmene mungatsekere sukulu ku Harare musanakwere basi yobwerera kumudzi

Sutikesi yanga ili pakona apa, theka ndalongeza theka ayi, ndiye ndati ndilembe izi mutu ukadali nazo kuti inu amene mwatsala ndi semesita imodzi kaya ziwiri zikuyendereni bwino. Ine ndakhala zaka zinayi ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, ndinafika ndisakudziwa ngakhale kuyankha mangwanani, moni wa m'mawa wa Chishona, lero ndimatha kukangana mtengo wa tomato ku Mbare Musika m'Chishona mpaka mayi wogulitsa kundiika basera.

Choyamba ndi mapepala, ndipo musadikire mayeso omaliza. Clearance imafuna kuyenda, kulaibulale akusainireni kuti mulibe buku lawo, kuakaunti aone kuti fizi munamaliza, kudipatimenti nakonso, ndipo ofesi imodzi ikangoti bwerani mawa tsiku lonse lapita. Yambani kudakali mwezi. Transcript itengeni pamanja, pangani mafotokope angapo muwadinditse, komanso ijambuleni pafoni muitumize ku imelo yanu. Satifiketi yeniyeni imabwera nthawi ya graduation ndipo mwina mudzakhala mutapita kale, ndiye funsiranitu kuti wina angakutengereni bwanji ndipo akufunika kalata yotani. Kumudzi mukafika digiri yakunja imadutsa ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba ku Lilongwe, kuti aivomereze, mabwana ambiri amafuna chikalata chimenecho, ndiye musapite manja lende.

Onaninso deti la study permit mu pasipoti yanu. Anzanga izi si zosewera, permit ikatha inu mukadali kuno ndi mlandu paboda, ngati project yachedwa pitani ku Immigration nthawi ikadalipo. Pasipoti ikatayika thamangirani ku Embassy yathu.

Za ndalama. ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe imene inabwera mu April 2024 ija, ithereni konkuno, gulirani zakudya kaya kulipira kombi (minibasi zakuno), musadalire kuti mukasintha ku Blantyre. Zotsala mu EcoCash, akaunti ya ndalama ya pafoni ija, tulutsani layini isanafe. Madola aja akuda ong'ambikang'ambika amene timapatsana mu kombi kuno amayenda koma kwathu osintha ndalama amawakana, ndiye yambani kusunga oyera. Landilodi muuzeni molemba kudakali mwezi ndipo jambulani chipinda musanapereke makiyi, ine dipoziti yanga anaidula chifukwa cha galasi la windo limene ndinalipeza losweka kale ndipo ndinalibe umboni, zinandiwawa zedi. Matiresi, ketulo, hotipuleti, musanyamule, gulitsani motchipa kwa mafana a chaka choyamba kapena apatseni basi.

Koma chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi, katsanzikeni anthu. Sindikunena phwando la m'kalasi ayi, limenelo lichitika lokha. Ndikunena agogo ndi amalume athu aja a ku Mabvuku, Tafara, Highfield, Dzivarasekwa, amene iwo kapena makolo awo anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu nthawi ya Nyasaland osabwereranso. Chaka changa choyamba ndinkalira ndekha kuhositelo, tsiku lina Lamulungu ndinapita ku CCAP ndipo nditangomva nyimbo ya Chichewa misozi inangotsika, pomaliza mayi ena achikulire anandigwira dzanja nkuti mwanawe kwanu nkuti, nditati ku Ntcheu anafuwula kuitana amuna awo. Kuyambira pomwepo ndinali mwana wa pakhomo, nsima ya usipa umene ndinkawabweretsera ndikachoka ku holide tinkadyera limodzi. Anthu otere simungawatsanzike pa WhatsApp. Pitani nokha ndi kashuga ndi sopo, gwadani, akudalitseni. Afunseni mudzi wawo ndi mfumu yawo mulembe, ambiri amafuna wina akanene kwawo kuti akadali moyo, ndipo mukalonjeza kukapereka uthenga kaperekenidi, musawanamize nkhalamba.

Supavaiza wanu naye mukamuone maso ndi maso, mupemphe kalata ya reference akadakukumbukirani nkhope, pakatha zaka ziwiri imelo yanu idzangokhala m'gulu la zina. Tengani manambala a anzanu Achishona ndi Achindebele amene munkawerenga nawo ndi kandulo magetsi atazima.

Siyaninso tsiku limodzi lopanda ntchito muyende pansi, mukhale ku Africa Unity Square, mudutse ku Avenues makamaka ngati ndi October jakaranda atachita maluwa misewu yonse ili pepo. Ine ndinazungulira kampasi yonse ndikuganiza kuti sukulu imeneyi poyamba m'ma 1950 inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, dzina la kwathu linalipo pachiyambi pomwe, ndipo mtima unakhala pansi.

Tikiti ya basi gulirenitu ku Roadport, kokwerera mabasi opita maiko ena, ndipo funsani mtengo wa katundu musanafike ndi zikwama zitatu. Njira ndi yomwe ija, Nyamapanda, Cuchamano, kuoloka Zambezi pa Tete, Zobue kenako Mwanza. Pa Tete pamatentha koopsa ndiye madzi akumwa akhale ambiri. Pasipoti, transcript ndi laputopu zikhale m'kachikwama ka pamiyendo osati m'buti, ndipo pa boda iliyonse tsegulani pasipoti muone nokha kuti adindadi musanakwerenso basi.