Ruby kapena garnet? Momwe mungayesere mwala musanatulutse ndalama

Ku Limbe si zachilendo munthu kukukokerani pambali, n'kumasula kansalu ka timiyala tofiira, amvekere: "Bwana, uyu ndi ruby wa ku Chimwadzulu." Phiri limenelo lilikodi, ku Ntcheu, ndipo limatulutsa ruby ndi sapphire. Koma kufiira kokha kusakutengeni mtima. Garnet nayenso ndi wofiira, galasi lofiira liliponso, pomwe mitengo yake ndi yotalikirana kwambiri.

Yambani ndi kuutsuka mwalawo ndi mswachi wakale, muuone padzuwa osati pa babu. Ruby wosasemedwa kawirikawiri amakhala ndi mbali 6, pomwe garnet amakhala wobulungira ngati nzama, wa tinkhope tambirimbiri. Tourmaline, amene amachokera kwambiri ku Mzimba, ndi wautali ndipo ali ndi mizere yotsata litali lake. Kenako suzumirani m'kati ndi kagalasi kokuza zinthu. Mukaona timathovu tozungulira, dziwani kuti ndi galasi kapena mwala wopangidwa m'fakitale, kambiranani zina.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha, yesani kulimba kwake. Muyeso umene katswiri wa miyala Friedrich Mohs anakonza mu 1812 umayambira pa 1 (mwala wofewa kwambiri) kufika pa 10 (wolimba kwambiri). Galasi lili cha pa 5.5, quartz (mwala wamba wooneka ngati galasi) pa 7, garnet pakati pa 6.5 ndi 7.5, aquamarine pa 7.5 mpaka 8, ruby ndi sapphire pa 9. Yendani ndi kachidutswa ka quartz kosalala m'thumba. Ruby weniweni amasiya mzere wozama pa quartz mosavuta, garnet amangokanda movutikira kapena kulephereratu. Pukutani ndi chala chonyowa: mzere ukafufutika, unali ufa chabe wa mwala wofewa. Izi chitani pa mwala wosasemedwa wokha, mwini wake atavomera. Akayamba kukana ndi kukufulumizitsani, pamenepo pakhale poyambira kukayika.

Chachitatu n'chosavuta. Nyali ya UV ija imene amawunikira ndalama zachinyengo m'masitolo imagwiranso ntchito pano. Mumdima, ruby amayaka psuu chifukwa cha chromium amene ali m'kati mwake, ngakhale wina wa chitsulo chambiri amangowala pang'ono. Garnet wamba amangoti zii, koma maginito amphamvu amamukoka.

Pa miyala yobiriwira ngati mtambo, aquamarine amaonekera kuseri ndipo amakanda galasi, pomwe agate wa ku Ngabu ndi wachimbuuzi. Za golide n'zachidule: khulani mwalawo kuseri kwa tailosi kosapakidwa. Pyrite, mwala wooneka ngati golide umene wapusitsa ambiri, amasiya mzere wakuda ndipo amaphwanyika mukamumenya ndi hamala. Golide amasiya wachikasu, amangophwatalala.

Pali mwala umodzi umene ungadutse mayeso onsewa n'kukudyerani ndalama: ruby wopangidwa m'fakitale. Njira yake anailengeza Auguste Verneuil wa ku France mu 1902, ndipo mwala wake ndi wolimba pa 9, umayakanso pa nyali ija kuposa weniweni. Ena amauphwanya n'kuupaka dothi kuti uoneke ngati wochokera kumgodi. Mwala woyera mbee m'kati, wamkulu koma wotchipa, musaulipire musanapite nawo kwa akatswiri a miyala, monga a ku Geological Survey ku Zomba. Funsaninso wogulitsayo chiphaso chake, poti malonda a miyalayi amafuna chilolezo cha boma.