Momwe mungasamalire mimba yam'munsi mutabereka pa opareshoni

Mwatuluka m'chipatala, mwana ali m'manja, koma mimba ikuonekabe ngati ya miyezi 5. Musadandaule mayi. Chiberekero chimatenga masabata pafupifupi 6 kuti chibwerere mwakale, ndipo dokotala anadula khungu, mafuta ndi chiberekerocho kuti mwana atuluke. Chilonda chomwe mukuchiona pamwamba pa chinena chimapola msanga kuposa cham'kati.

Choyamba, yendani. Ngakhale tsiku lotsatira opareshoni, anamwino akakudzutsani musakane. Kuyenda pang'onopang'ono kumathandiza kuti magazi asaundane m'miyendo komanso kuti mpweya utuluke m'mimba. Podzuka pabedi, tembenukirani chammbali, tsitsani miyendo, kenako dzikankheni ndi mkono. Mukafuna kutsokomola kapena kuseka, gwirizani pilo pachilondapo.

Chachiwiri, chilonda chikhale choyera ndi chouma. Mukasamba, pukutani mosakhula, makamaka ngati khungu likulendewera pamwamba pake, chifukwa pamenepo pamasunga thukuta. Osapakapo mankhwala azitsamba, ndipo osathowapo ndi madzi otentha.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi azakhali ambiri. Kumanga mimba ndi chitenje mpaka kulephera kupuma sikusungunula mafuta, ndipo mfundo ikakhala pachilonda imangochinyula. Ngati nsalu kapena lamba akukuthandizani poyenda, mangani momasuka, mutafunsa kaye azamba.

Chachitatu, kwa masabata 6 musanyamule cholemera kuposa mwana wanu. Ndowa ya madzi, kusinja, khasu, zonsezi zidikire. Abambo ndi apongozi, ntchito imeneyi ndi yanu. Idyani masamba, nyemba ndi mapapaya, ndipo muzimwa madzi ambiri, poti kudzimbidwa kumakukakamizani kukankha ndi mimba yomwe sinapole.

Kulimbitsa minofu kuyambe mofatsa. Gonani chagada, pindani mawondo, ndipo potulutsa mpweya kokerani mchombo m'kati kwa masekondi 5. Finyaninso minofu yakumusi ngati mukugwira mkodzo, n'kumasula. Masewera odzutsa mutu ndi mapewa mutagona, kapena kuthamanga, adikire mpaka akuoneni kuchipatala pa sabata ya 6. Amayi ena minofu yapakati pamimba imakhala itatalikirana, ndipo kufulumira kumangotukumula mimbayo.

Dzanzi mozungulira chipsera limatha miyezi, si zachilendo ayi. Koma mukamva kutentha thupi, chilonda chikatuluka mafinya kapena kutseguka, magazi akachuluka kapena kununkha, mwendo umodzi ukatupa, kapena mukabanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.