Mnzanu akutchipitsa katundu pozemba msonkho? Nazi zoti muchite pa Mchinji

Muli ndi golosale pa Kamwendo kapena pa boma. Katoni ya katundu mwaiika pa mtengo woti mupezepo kangachepe, koma shopu ya kutsidya kwa msewu ikugulitsa katoni yomweyo pafupifupi pa mtengo umene inu mwaodera. Makasitomala akungokupatsani moni n'kudutsa. Kuno kumalire zoterezi si zachilendo. Tauni ya Chipata ili pafupi, ndipo njira zamadulira zimene njinga zamoto zimadutsa usiku n'zosawerengeka. Musanathamangire kutsitsa mtengo kapena kukanenera munthu, chitani izi.

Choyamba: gwirani cholembera, muwerengere

Si aliyense wotchipitsa amene akuba msonkho, ndipo kusiyana kwa mitengo n'kumene kumaulula. Tiwerengere ndi 16.5 peresenti, mlingo wa VAT (msonkho woonjezera pa mtengo wa katundu) umene unagwira ntchito zaka zambiri. Mlingowu umatha kusintha ndi bajeti, choncho inu muziwerengera ndi umene walembedwa pa lisiti lanu latsopano.

Tinene kuti ku holoselo katoni ndi K100,000. Kuphatikiza VAT ya K16,500, mwalipira K116,500. Inu munalembetsa VAT ndipo mukufuna phindu la K20,000, ndiye mtengo wanu ndi K120,000, VAT yake K19,800, kasitomala alipira K139,800. Ku MRA, bungwe lotolera msonkho, simupereka K19,800 yonseyo. Mumachotsapo K16,500 imene munalipira kale poodapo, n'kupereka K3,300.

Tsopano taonani mnzanu wa kabizinesi kakang'ono amene sanafike pa malire olembetsera VAT. Naye waoda pa K116,500, waikapo K20,000 yake, akugulitsa K136,500. Wakuposani kutchipa ndi K3,300 ndipo palibe lamulo limene waphwanya. Ameneyo musiyeni.

Wachitatu walowetsa katoniyo usiku osalipira kalikonse. Kwa iye yafika pa K100,000, akugulitsa K120,000, phindu lake n'chimodzimodzi ndi lanu, koma wakusiyani kumbuyo ndi K19,800. Mukaona mpata waukulu chotere pa katundu yemweyo, mwezi ndi mwezi, pamenepo pali nkhani. Wotere simungalimbane naye potsitsa mtengo. Mudzangodya mpamba.

Chachiwiri: kanani "mtengo wopanda lisiti"

Aliyense amene amaoda katundu anamvapo mawu awa: "Ndi lisiti ndi 116,500, koma popanda lisiti ndikupangirani 105." M'khutu zimakoma, K11,500 yatsala m'thumba. Koma ngati munalembetsa VAT, mwadziwotcha nokha. Popanda lisiti lovomerezeka mulibe chochotsera, ndiye pogulitsa mudzapereka K19,800 yonse. Kuoda ndi msonkho pamodzi zakudyerani K124,800, pamene mukanatenga lisiti zikanakhala K119,800. Mwaluza K5,000 pa katoni imodzi, mwini holoselo ndiye wapindula. Ndipo a MRA akadzafika kudzaona sitoko, katunduyo alibe umboni wa kumene anachokera, mlandu wake wagwera inu.

Lisiti loyenera limatuluka m'makina ovomerezeka ndi MRA, amene poyamba anali a EFD kuyambira mu 2014, kenako kunabwera njira yatsopano ya EIS yolowa m'malo mwake. Musanachoke pakauntala, onani dzina la bizinesi, nambala ya wokhoma msonkho (TPIN), tsiku, mtengo wa katundu ndi VAT yolembedwa payokha. Kapepala kolemba pamanja kodindidwa chidindo si umboni wa VAT. Wina akakulipiritsani VAT koma sanalembetse, ndalamayo ikupita m'thumba mwake, ndipo umenewo ndi mlandu.

Chinthu chimodzi chimene ambiri amachizindikira mochedwa: malisiti a m'makinawa amafufutika. Mukawasiya m'kabati yotentha pansi pa malata, ikamatha miyezi ingapo mupeza pepala loyera mbee. Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo, kapena pangitsani fotokope, n'kusunga mwezi uliwonse mu envulopu yakeyake. Lamulo limafuna kuti zolemba za bizinesi zisungidwe zaka 6.

Chachitatu: katundu wa ku Zambia mudutse naye pachipata

Ambiri amalowera kutchire poopa kuti pachipata awadula khosi, asanafunse n'komwe. Chipata cha Mchinji ndi Mwami chinasanduka chimodzi mu Disembala 2022, moti zonse mumathera malo amodzi. Palinso ndondomeko ya COMESA yothandiza amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa STR. Katundu wopangidwa kapena wolimidwa ku Zambia, amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, ndipo mtengo wake sunapitirire malire oikidwa, salipiridwa msonkho wolowetsera katundu. Mumadzaza fomu yachidule ndi chiphaso chosonyeza kumene katunduyo anapangidwa, ndipo pachipatapo pamakhala desiki yothandiza amalonda kudzaza mapepalawa.

Apa ndi pamene anthu amasokonezeka. STR sichotsa VAT. Katundu amene amayenera VAT mulipirabe, ndipo zina monga zakumwa zimakhalanso ndi msonkho wapadera. Komanso katundu wa ku China amene mwangomugula mu shopu ya ku Chipata si wa ku Zambia, salowa m'ndondomekoyi. Pitani kaye mukaone mndandandawo musanaode, osati mutafika kale ndi mitolo pamutu. Lisiti la pachipata lisungeni bwino, chifukwa VAT imene mwalipira pamenepo nayonso imachotsedwa ngati munalembetsa.

Wa madulira uja amaoneka wochenjera kufikira tsiku limene gulu la MRA lolimbana ndi kuzembetsa katundu lamupeza pamsewu wopita ku Lilongwe. Katundu amalandidwa, galimoto kapena njinga imene yanyamula imagwidwa, ndipo msonkho uja amaulipirabe, chindapusa pamwamba.

Chachinayi: konzani kwanu

Mulibe TPIN? Kaitengeni, n'njaulere, ndipo zambiri zimatheka pa intaneti kudzera pa Msonkho Online ya MRA. Funsani malire a chaka chino olembetsera VAT muyerekeze ndi zimene mumagulitsa pa miyezi 12. Mukalembetsa, fomu ya VAT ndi ndalama yake zifike pasanadutse pa 25 mwezi wotsatira, ngakhale mwezi umene simunagulitse kanthu.

Samalani pochotsa VAT mu mtengo umene VAT ilimo kale. Ambiri amangotenga 16.5 peresenti ya K139,800 n'kupeza K23,067, kudzilipiritsa K3,267 yaulere. Gawani K139,800 ndi 1.165, mupeza K120,000, yotsalayo ndiye VAT.

Mapepala abwino ali ndi msika wake umene wozemba sangaupondeko. Sukulu, zipatala, khonsolo ndi mabungwe amafuna TPIN, lisiti lovomerezeka ndi chiphaso chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Mukagwirizananso anthu atatu kapena anayi kuoda pamodzi ku Lilongwe pa lole imodzi, thiransipoti ya katoni iliyonse imatsika.

Chachisanu: kukanena

Kupita ndi mawu akuti "uja amatchipitsa" n'kutaya nthawi. Tumani munthu akagule chinthu chimodzi n'kupempha lisiti. Lembani tsiku, nthawi, dzina la shopu, chimene chagulidwa, mtengo wake, ndi chimene anayankha atapemphedwa lisiti. Mubwereze kawiri kapena katatu masiku osiyana. Za msonkho ndi katundu wozembetsa zipite ku MRA, ndipo mutha kupempha kuti dzina lanu lisatchulidwe. Ngati nkhani ndi yopusitsa ogula, monga kugulitsa zinthu zotha masiku kapena kugwirizana mitengo mseri, imeneyo ndi ya bungwe loteteza ogula ndi kuona za mpikisano pa malonda la CFTC. Katundu wachinyengo kapena wosafika pa muyezo ndi wa a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu. Mukapita ngati komiti ya amalonda a pamsika, lembani kalata imodzi, muikemo fotokope za umboni wanu, ndipo kope yanu aidinde chidindo chosonyeza tsiku limene ailandira.