Kuika dump valve pa galimoto ya turbo: yambani mwaona sensa

Ambiri amene amandifunsa za dump valve amangofuna kaphokoso kaja ka "psss" posintha giya. Si mlandu, koma musayembekezere kuti mphamvu ya injini ikwera. Ntchito ya valavu imeneyi ndi ina. Mukasiya kuponda moto, throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) imatseka turbo (chopopera mpweya mu injini) ikadazungulirabe, ndiye mpweya umene wapopedwa kale umasowa kolowera n'kubwerera kukagunda mapiko a turbo. Valavu imaupatsa potulukira.

Musanagule, tsegulani boneti muyang'ane paipi yochokera ku sefa ya mpweya. Mukapezapo sensa ya MAF, samalani. Sensa imeneyi imayeza mpweya wonse wolowa, ndipo kompyuta imathira petulo molingana ndi muyeso umenewo. Mukautayira panja mpweya woyezedwa kalewo, petulo amachuluka: galimoto imatulutsa utsi wakuda, imaphulika kumchira, nthawi zina imazima mukamafika poima. Subaru WRX ndi injini za 1.8T za Volkswagen ndi Audi zili m'gulu limeneli, ndipo ine pa zimenezi ndimaika valavu yobweza mpweya mkati, kapena ya makomo awiri yomwe imatulutsa wina n'kubweza wina. Galimoto yoyendera sensa ya MAP yokha, yomwe imayeza kupanikizika kwa mpweya m'malo mwa mpweya wolowa, ilibe vutoli. Ya dizilo isiyeni, chifukwa kusiya moto pa dizilo sikutsekera mpweya njira ngati pa petulo.

Injini izizire kaye. Pezani valavu ya kufakitale, yomwe kawirikawiri imakhala pakati pa turbo ndi throttle. Masulani makilampu, chotsani mapaipi, ndipo tsekani pobowoka ndi kansalu koyera, poti kanati kamodzi kakagweramo turbo yatha. Ikani yatsopano molunjika monga akusonyezera pa pepala lake. Ina mukaitembenuza imatseguka yokha mukaponda moto. Ngati yanuyo ndi yotulutsira panja, paipi yakale yobwezera mpweya muitseke ndi chotsekera cholimba n'kumanga kilampu, osati tepi.

Pamene ambiri amagwa m'mbuna ndi pa kapaipi kakang'ono ka vacuum. Kayenera kuchokera pa manifold (pogawira mpweya ku masilinda), kuseri kwa throttle. Kumeneko ndi kumene kumakhala kukoka kumene kumatsegula valavu mukachotsa phazi, komanso mpweya woikanikiza kuti isatseguke mukaponda. Kakhale kafupi, kosapindika, kutali ndi zotentha. Ine sindimakonda kukalumikiza pa kapaipi ka fuel pressure regulator (kachipangizo kowongolera mphamvu ya petulo), ngakhale kali pafupi. Pakadontha mpweya pamenepo, petulo amachepa pa nthawi imene injini ikumufuna kwambiri.

Kenako lizani injini, isiyeni ingolira. Ikani dzanja pakamwa pa valavu. Ikamakoka mpweya kapena injini ikamanjenjemera, sipuling'i ya mkati mwa valavu yafewa, ilimbitseni pang'ono. Pitani pamsewu, pondani moto pa giya yachitatu n'kusiya mwadzidzidzi. Mukamva "tututu" m'malo mwa "psss" imodzi, sipuling'i yalimbitsa, mpweya ukubwererabe ku turbo. Achinyamata ena amakonda kulira kumeneko, koma ndi chimene mumaguliratu valavu kuti chithe. Bwezani pang'onopang'ono mpaka kusiye.

Mukayenda masiku ochepa, bwererani ku makilampu muwamangenso, chifukwa mapaipi a silicone amakhwefuka akatenthedwa. Ngati valavu yanu ndi ya pisitoni, monga zambiri za kampani ya Forge, muziitsegula mwa apo ndi apo, kuipukuta ndi kuipaka girizi pang'ono, apo ayi imayamba kukakamira.