Giyabokosi yafa galimoto ikadali pa waranti: momwe mungachitire kuti musalipire nokha

Chaka chatha mlamu wanga anataya ndalama zomwe sankayenera kutaya. Galimoto yake, yomwe anagula yatsopano kwa dila wina muno mu Lusaka, inayamba kunjanja posintha magiya pamdipiti wa m'mawa pa Great East Road. Tsiku lina ataika pa D, injini inangolira galimoto osasuntha. Anaitana makaniko wake wa ku Kalingalinga, ndipo mkuluyo anatsitsa giyabokosi n'kuiphwasula. Atapita kwa dila patatha sabata, zitsulo zili m'katoni, anamuuza mwaulemu kuti waranti inatha tsiku lomwe makaniko uja anamasula bawuti yoyamba.

Choyamba, tengani pepala la waranti muliwerenge lero lomwe, galimoto isanadwale. Waranti yomwe amaitcha powertrain ndi ya ziwalo zoyendetsa galimoto: injini, giyabokosi, difu, mashafiti opita ku mawilo, ndi transfer case (bokosi logawira mphamvu ku mawilo akutsogolo ndi akumbuyo) ngati ndi 4x4. Imatha ndi zaka kapena makilomita, chimene chayamba kukwana. Musatengeke ndi manambala a pa intaneti. Zaka 5 kapena mamailosi 60,000 a Toyota, ngakhalenso zaka 10 kapena mamailosi 100,000 a Hyundai, ndi za ku America. Chogwira ntchito kuno ndi chimene chalembedwa pa pepala lanu. Ndipo Vitz kapena Allion yogwirapo kale ntchito ku Japan, yomwe inalowera pa Nakonde, nthawi zambiri imabwera yopanda waranti ya fakitale. Ngati wogulitsa pa yadi anakulonjezani miyezi ingapo, lonjezolo likhale lolembedwa ndi kusainidwa. La pakamwa limauluka ndi mphepo.

Werenganinso mbali ya zinthu zomwe salipira, chifukwa mkangano umayambira pamenepo. Kilachi yotha chifukwa chogwira ntchito salipira. Madzi akalowa mu giyabokosi chifukwa munaoloka chithaphwi cha ku Kanyama m'nyengo ya mvula, imeneyo ndi nkhani ya inshuwalansi, osati waranti. Mapepala ena amakananso galimoto yomwe yasanduka takisi, choncho inu oyendetsa Yango yang'anani mzere umenewo kawiri.

Vuto likayamba, imani. Zizindikiro zake sizibisika: giya kuchedwa kulowa, injini kukwera mawu liwiro osawonjezeka, fungo la chinthu chopserera, madontho ofiirira pansi pomwe galimoto inagona. Mukapitiriza kuyenda nyali ya chenjezo itayaka, dila adzanena kuti munakulitsa vuto nokha, ndipo kompyuta ya m'galimoto ikhoza kumuikira umboni. Jambulani vidiyo ya dashibodi pa foni, makilomita akuoneka bwino. Musalole aliyense kufufuta ndi kamakina kake makodi a vuto, omwe ndi manambala amene kompyuta ya m'galimoto imasunga ikaona vuto. Nambala ngati P0700, yosonyeza vuto la ku giyabokosi, ndi mboni yanu. Pokatenga galimoto itanani bulekidauni yonyamula pamsana. Otomatiki ikakokedwa ndi chingwe mtunda wautali injini ili chozima, pampu ya oyilo sizungulira ndipo zam'kati zimapsa.

Tsopano mapepala, pomwe ambiri timagwera. Sonkhanitsani white book, invoisi yogulira, pepala la waranti, buku la sevisi ndi malisiti onse. Buku la sevisi ndiye mwini nkhani. Dila adzayamba kuwerenga masitampa asanatsegule n'komwe boneti, ndipo sevisi imodzi yodumphidwa kapena yochedwa kwambiri ikhoza kukhala chifukwa chokanira. Adzafunanso kudziwa oyilo amene anathiridwa. Giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT ili ndi oyilo wakewake, ndipo kuthiramo ATF wamba, oyilo wa otomatiki zina, monga achitira anyamata ena ofuna kukuthandizani mwachangu, n'kuiphera dala. Lisiti yabwino imasonyeza tsiku, makilomita, nambala ya galimoto ndi dzina la oyilo. Malisiti osindikizidwa ndi kamakina ka pa kauntala amafufutika akakhala padzuwa, ndiye ajambuleni tsiku lomwelo. Ine ndimasunga anga mu envulopu ya khaki kunyumba, osati m'galimoto.

Mukafika kwa dila, nenani poyera kuti mwabwera pa nkhani ya waranti, ndipo mawu amenewo alembedwe pa job card, pepala lomwe amalembapo ntchito yoti agwire pa galimoto. Fotokozani zimene galimoto ikuchita, osati zimene mukuganiza kuti zawonongeka: "ikatentha imakana kulowa giya yachitatu" ndi zothandiza kuposa "giyabokosi yatha". Musanasaine, funsani mafunso atatu. Ndani alipire ndalama yopimira ngati waranti yakanidwa? Ayamba kuphwasula chilolezo cha opanga galimoto chitabwera kapena chisanabwere? Aikamo giyabokosi yatsopano, yokonzedwanso, kapena angosintha ziwalo? Tengani kope ya job card. Chilolezo chimatha kutenga nthawi chifukwa dila amafunsa kaye kwa opanga galimoto, ndipo zipangizo zambiri zimachokera kunja. Muziwakumbutsa pa imelo kapena WhatsApp, kuti tsiku lililonse lisiye phazi. Zimenezi n'zofunika kwambiri ngati waranti yatsala pang'ono kutha, popeza mudzafuna umboni woti munanena vuto nthawi ikadalipo.

Akakana, musakweze mawu pa kauntala. Mtsikana kapena mnyamata wa pamenepo si amene wagamula. Pemphani kalata yonena chifukwa chake ndi ndime ya waranti yomwe atsamira, komanso lipoti la makaniko wawo. Pemphaninso kuona ziwalo zomwe achotsa. Kenako lemberani manijala wa sevisi, ndipo ngati waranti inangotha kumene pomwe masitampa anu ali okwanira, funsani za goodwill, pomwe kampani imavomera kulipirako mbali ina mwa kufuna kwake.

Zonsezi zikalephereka, kadandauleni ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe lomwe limagwira ntchito motsatira lamulo nambala 24 la 2010 loteteza ogula. Pitani ndi makope a mapepala onse aja, kalata yokana ili pamwamba, ndipo enieniwo asiyeni kunyumba. Galimotoyo isakhudzidwe ndi makaniko wina mpaka nkhani itatha, ngakhale zitatanthauza kukwera minibasi kwa mwezi wathunthu.