Tiyi wa masamba a paini pa nyengo yozizira ku Britain

Ikafika Disembala kuno ku Britain, dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba. Ina mwa yotsala yobiriwira ndi ya mtundu wa paini, abale ake a ija ya ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba. Kwathu timaionera matabwa basi, koma masamba ake amapanga chakumwa chotentha, chonunkhira bwino, chomwenso chili ndi vitamini C. Mu 1536, anthu a Jacques Cartier, woyenda panyanja wa ku France, atagwidwa ndi scurvy (matenda obwera chifukwa chosowa vitamini C) ku Quebec m'dziko la Canada, eni dera anawachiza ndi madzi owiritsira masamba ndi makungwa a mtengo wina wosayoyola masamba.

Musanathyole kalikonse, dziwani kaye mtengo wa yew. Umenewu ndi poizoni woti munthu amafa nawo, ndipo uli ponseponse: m'manda a pa matchalitchi akale, m'mapaki, m'mipanda ya nyumba. Masamba ake ndi afulati, ofewa, obiriwira moderako pamwamba koma owalirako pansi. Ukawatikita sanunkha utomoni. Mitengo ina ya yew imabala tizipatso tofiira, ina ayi, choncho musadalire zipatsozo. Wina akadya kapena kumwa za mtengowu, imbani 999, nambala ya ngozi zadzidzidzi, nthawi yomweyo.

Ine ndimalangiza oyamba kumene kuti ayambe ndi paini wotchedwa Scots pine, chifukwa savuta kuzindikira. Masamba ake ndi ataliatali ngati singano, opotoka pang'ono, ndipo amamera awiriawiri atamangana kutsinde. Yew sachita zimenezo. Makungwa a kumtunda kwa thunthu amakhala ofiirira. Spruce, mtengo wina wa banja la paini, nayenso ndi wabwino: masamba ake amamera limodzilimodzi, amabaya, ndipo a mitundu yambiri ya spruce amagubuduzika pakati pa zala. Mukakayika, siyani.

Mtengo wa Khrisimasi wogula m'sitolo musautengeko masamba, popeza ambiri amapoperedwa mankhwala. Pewaninso ya m'mphepete mwa misewu ikuluikulu. Lamulo la Theft Act la 1968 ku England ndi Wales limalola kuthyola masamba a zomera zakutchire ngati si zogulitsa, koma pamalo pa eni pemphani kaye, ndipo malo ena otetezedwa amaletsa. Thyolani pang'ono pa mtengo uliwonse, kunsonga za nthambi za m'munsi.

Kaphikidwe n'kosavuta. Tsukani masamba odzaza dzanja limodzi, chotsani timitengo, muwaduledule ndi sizasi kuti fungo lituluke. Wiritsani madzi a makapu awiri pamodzi ndi jinja wosinja, kenaka phulani poto. Apa m'pamene mumaika masamba aja n'kuvundikira kwa mphindi 10 kapena 15. Musawabwatitse pamoto: tiyi amawawa, amamveka utomoni wokhawokha, ndipo vitamini uja amawonongeka. Sefani, finyiranimo ndimu, thiranimo uchi. Mkaka suyanjana nazo izi.

Mukakhala ndi alendo, tenthetsani juwisi wa maapozi pamodzi ndi sinamoni ndi khungu la lalanje, muikemo kanthambi ka spruce mutaphula kale. Uchi musapatse mwana wosakwana chaka. Amayi oyembekezera asamwe chakumwachi, ndipo amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku funsani kaye dokotala kapena a ku famase.